Matenda m'nyumba ya mmishonale: mbali yomwe sitimva pa tsiku la chikumbutso

Mukafika ku Cape Maclear, musanathamangire kumadzi kuja komwe aliyense amakajambulitsa, pali manda akale pansi pa miyala ikuluikulu, chakufupi ndi polowera ku paki. Ine ndinaimapo tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo, anzanga atatsogola kale kunyanja, ndikuwerenga mayina. Ndi manda a amishonale a Livingstonia, mishoni yomwe inayambira pamenepa sitima ya Ilala itafika mu Okutobala 1875. Dokotala William Black anafika ali mnyamata wanyonga, pofika 1877 anali atamwalira ndi malungo. Chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Mngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa, ndiye musaganize kuti imfa imasankha khungu. Pomwe mishoni imasamukira ku Bandawe mu 1881, manda anali atachuluka kuposa anthu obatizidwa, poti wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe.

Nkhani za anthu amenewa timazimva kutchalitchi pa zikondwerero, koma nthawi zambiri timamva za abambo okha, kuti anali olimba mtima, anamasulira Baibulo, anamanga masukulu. Zoona ndithu. Koma ine chomwe chimandikhudza ndi chomwe chimachitika kuseri, kuchipinda, mwana akatentha thupi usiku mayi ake ali ndi pathupi, dokotala wapafupi ali ulendo wa masabata. Maitanidwe anamva ndi bambo, nthawi zina mayinso, koma mwana wa miyezi 6 sanamve maitanidwe aliwonse, ndipo kawirikawiri ndi iye amayamba kulipira.

Kuti nkhaniyi imveke tiyambe ndi malungo enieniwo, chifukwa anthu ambiri amadabwa kuti bwanji mzungu wamkulu wandevu amafa ndi matenda omwe agogo athu amangomwa timadzi ta mitengo n'kudzuka kupita kumunda. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukakuluma usiku umasiya tizilombo m'magazi, timapita kaye kuchiwindi n'kukhalako pafupifupi sabata tikuswana mwakachetechete iwe osamva kalikonse, kenako timatuluka kukalowa m'maselo ofiira a magazi, timaswana momwemo mpaka selo kuphulika, ndiye kunjenjemera ndi kutentha thupi kuja. Mtundu womwe uli kwathu kuno, falciparum, ndi woipitsitsa chifukwa maselo odwalawo amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono, mu ubongo, mu impso, ndipo kwa mayi woyembekezera amakaunjikana mu nsengwa momwe mwana amalandirira chakudya. Munthu wokulira kudera la malungo akalumidwa chaka ndi chaka kuyambira ali khanda, thupi limaphunzira, osati kuti sadwala ayi koma akakula sadwala modetsa nkhawa kwambiri. Chitetezo chimenechi sichaulere, timachigula ndi ana athu omwe amamwalira asanafike zaka 5. Ndiye mmishonale wochokera ku Aberdeen kapena Glasgow, olo akhale ndi zaka 30, pamaso pa malungo anali ngati khanda la dzulo. Mkazi wake akatenga pakati zimaipiraipira, mimba kupita padera, mwana kubadwa masiku asanakwane kapena kubadwa wakufa kale, mayi kutha magazi.

Chovuta china n'chakuti samadziwa kuti mdani ndi udzudzu. Amakhulupirira kuti matendawa amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo, ndipo dzina loti malaria likutanthauza zomwezo m'Chitaliyana, mpweya woipa. Tizilombo ta malungo anatiwona koyamba m'magazi ndi dokotala wa ku France Alphonse Laveran mu 1880, ndipo Ronald Ross anatsimikiza za udzudzu mu 1897 ali ku India. Tangoganizani, Livingstonia yatha zaka 22 anthu akuikana m'manda asanadziwe kuti neti ingawathandize kuposa kutseka mawindo poopa mphepo ya m'mawa. Pomwe Robert Laws, mtsogoleri wa mishoniyi, anasamutsira likulu ku Khondowe mu 1894, pamtunda pafupifupi mamita 900 kuchokera kunyanja, anachita bwino ngakhale chifukwa chenicheni chinali chisanadziwike, kumtunda kozizira udzudzu umachepa basi.

Mankhwala analipo amodzi okha odalirika, kwinini, wochokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. Amene munamwapo kapena kulandira mu dilipi mukudziwa kuwawa kwake ndi kulira kwa m'makutu kuja ngati muli pafupi ndi chigayo. David Livingstone anali ndi mapiritsi ake osakaniza kwinini ndi mankhwala otsegula m'mimba, ndipo amawadalira kwambiri. Koma kwinini anali ndi msampha wake. Munthu akamamwa modumphadumpha, lero wamwa mawa ayi, uku malungo akumubwerera pafupipafupi, nthawi zina maselo ofiira amasweka ambiri nthawi imodzi, mkodzo umatuluka wakuda bii, impso n'kusiya kugwira ntchito. Amawatcha blackwater fever, ndipo m'zaka za m'ma 1890 ndi omwe amishonale amawaopa kuposa mkango. Mmishonale Robert Cleland wa ku Mulanje anapita ndi amenewa mu 1890. Azimayi oyembekezera ambiri amaopanso kumwa kwinini poganiza kuti achotsa mimba, ndiye amakhala pakati pa moto ndi madzi.

Ndipo kwinini akatha kapena kutayika ndiye kuti zatha. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA ya ku Magomero amatsika mtsinje wa Shire kukakumana ndi Livingstone, bwato linagubuduzika mankhwala onse n'kumira. Anamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, mnzake Henry Burrup anabwerera ku Magomero atanyamulidwa n'kumwaliranso pasanathe mwezi. Chomvetsa chisoni n'chakuti ulendo umenewo amakachingamira mchemwali wake wa bishopu, Anne Mackenzie, ndi mkazi wa Burrup, omwe anali atayenda panyanja kuchokera kutali kudzakhala nawo. Azimayi awiriwa anafika n'kulandiridwa ndi uthenga wa maliro, anabwerera osaona nkhope za omwe amawatsatira.

Pa ulendo womwewo panalinso Mary, mkazi wa Livingstone, ndipo ine ndimaona kuti mayi ameneyu mbiri sinamuchitire chilungamo. Anali mwana wa mmishonale Robert Moffat, wobadwira ku South Africa mu 1821, wolankhula Chitswana ngati chake, ndiye Africa sanali chilendo kwa iye. Anadutsa chipululu cha Kalahari pa ngolo ali ndi pathupi ndi tiana tina kumbuyo, madzi akuvuta. Mu 1850 mwana wake Elizabeth anamwalira ku Kolobeng ali ndi masabata ochepa chabe, iye mwini nkhope inafa mbali imodzi. Mu 1852 mwamuna wake anamukweza sitima ndi ana anayi kupita ku Britain, dziko lomwe samalidziwa bwino, komwe anakhala zaka 4 akusamukasamuka m'nyumba za lendi ndalama zikuperewera. Mwana wawo womaliza Anna Mary anabadwa mu 1858 bambo ake ali ku Zambezi, ndipo panatha nthawi yoposa chaka asanamve kuti ali ndi mwana. Mary atabwerera kwa mwamuna wake kumayambiriro kwa 1862 anangokhala miyezi itatu, pa 27 Epulo anamwalira ndi malungo ku Shupanga m'mphepete mwa Zambezi ku Mozambique, ali ndi zaka 41, anamuika pansi pa mtengo wa mlambe. Mwamuna wake anaikidwa ku Westminster Abbey, tchalitchi chotchuka cha ku London, dzina lake lili pa matauni ndi masukulu. Iye ali komweko.

Apa ndiye pali funso lomwe banja lililonse la mmishonale limakumana nalo, kale ngakhale lero: tikhale limodzi tidwalire limodzi, kapena tisiyane kuti ana akhale moyo? Njira zonse ziwiri zimapweteka. Omwe anasankha kupita ndi banja lonse ena zinawathera moipa zedi. Mu 1860 Holloway Helmore ndi Roger Price a London Missionary Society anafika ku Linyanti kwa Amakololo ndi akazi awo ndi ana, azungu onse analipo 9, anatsala atatu okha, Price ndi ana awiri a Helmore. Omwe anasankha kutumiza ana kwawo kusukulu amatha zaka osawaona, mwana kukula ndi azakhali, makolo akuwadziwira pa kalata yomwe imayenda miyezi, kuchoka kunyanja kutsika Shire, kunyamulidwa pamutu podutsa mathithi, Zambezi, Quelimane, kenako sitima ya panyanja yamchere. Kalata yonena kuti mwana akudwala imafika maliro atachitika kalekale. N'chifukwa chake mipingo ina inangoti bola osakwatira. A UMCA amatumiza anthu osakhala pabanja, ndipo ansembe a Katolika omwe anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902 analibe nkhawa ya mkazi ndi ana. A Presbyterian iwo amati banja lachikhristu ndi ulaliki paokha, anthu aone momwe mwamuna ndi mkazi amakhalira. Mfundo yabwino, koma anaisenza ndi azimayi. Margaret, mkazi wa Robert Laws, anakwatiwa ku Blantyre mu 1879, ndipo mwa ana onse omwe anabereka anakula ndi mmodzi yekha, Amelia, wobadwa mu 1886. Mwamuna wake anali dokotala wodziwa ntchito, woyamba kugonetsa munthu ndi chloroform pochita opaleshoni m'dera lino, anatumikira zaka 52, koma ana ake omwe sanathe kuwapulumutsa.

Nkhani yomwe ine imandivuta kuyiiwala ndi ya ku Blantyre Mission mu 1891. Tonse timaidziwa HHI, Henry Henderson Institute, ena munaphunzira pomwepo, koma kodi mumadziwa momwe banja la Henderson linathera? Henry Henderson ndi amene anasankha malo a Blantyre mu 1876 akutsogoleredwa ndi Tom Bokwito. Anakwatira Harriet Bowie, mchemwali wa dokotala wa pamishoni John Bowie, ndipo mchemwali wina Bella anali mkazi wa David Clement Scott, yemwe amamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels nthawi imeneyo. Ndiye linali banja limodzi lalikulu. Kumayambiriro kwa 1891 mwana wa Henderson anadwala diphtheria, matenda omwe amapanga kachikopa kotuwa kukhosi kamene kamatseka njira ya mpweya, mwana amapuma molira ngati wina wamukanyanga pakhosi. Amalume ake a mwanayo, dokotala Bowie, anaboola pakhosi n'kuikapo kapaipi kuti apume, koma kapaipiko kamatsekeka ndi zoipazo, makina oyamwira kunalibe. Anaika pakamwa pake n'kuyamwa. Anali dokotala, amadziwa bwino lomwe kuti akuika matenda m'kamwa mwake. Mwanayo anamwalirabe, mayi ake anamwalira, Bowie anamwalira, onse m'masiku owerengeka. Henderson ananyamuka kubwerera kwawo ali wosweka mtima, anakathera ku Quelimane osakwera n'komwe sitima. Tchalitchi chija chinatsegulidwa chaka chomwecho. Mankhwala a diphtheria anayamba kupezeka ku Ulaya cha m'ma 1894, zaka zitatu zokha pambuyo pake, ndipo mu 1895 Bella naye anamwalira. Lero katemera wake ali m'jakisoni uja ana amabayidwa kusikelo pa masabata 6, 10 ndi 14, mayi amangotambasula kantchafu ka mwana, kulira pang'ono, basi kwatha. Mukamazengereza kupita kusikelo muzikumbukira banja limeneli.

Pali anthu ena omwe m'nkhani zimenezi amangotchulidwa mwapatalipatali, makolo athu. Ndani amanyamula machila mmishonale akakomoka, kukwera naye phiri? Ndani amatunga madzi, kuphika phala, kuchapa zofunda za munthu wodwala kamwazi, kukumba manda? Mmishonale Joseph Booth anafika mu 1892 mkazi wake atamwalira kale, ali ndi mwana wamkazi Emily wosakwana zaka 10, ndipo iye akayenda maulendo ake mwanayo akadwala amamusamalira anali mnyamata wantchito dzina lake John Chilembwe. Mwana wamwamuna wa Booth, Edward, anamwalira kuno mu 1894. Chilembwe timamudziwa chifukwa cha 1915, koma anzake ambirimbiri omwe anadwazika azungu mayina awo sanalembedwe. Komanso tisaiwale, usiku womwe mayi wa pamishoni amalira mwana wake, m'midzi yozungulira azimayi angapo amaliranso awo ndi malungo omwewo, opanda kwinini, opanda mwala wolembedwa dzina. Sindikunena izi pochepetsa chisoni cha amishonale, imfa ya mwana ndi imfa ya mwana. Ndikungofuna tiziwerenga manda onse.

Masiku ano zinthu zasintha kwambiri. Banja lochokera ku America kapena Korea likamabwera kudzatumikira ku Nkhoma, Embangweni, Ekwendeni, Malamulo kapena Mulanje Mission, limabaya akatemera lisananyamuke, limamwa mankhwala oteteza monga doxycycline kapena Malarone, limagona mu neti, ndipo mabungwe ambiri salola munthu kunyamuka opanda inshuwalansi yomwe imalipira ndege yodzamutenga zikavuta. Ngakhale ifeyo tili pabwino kuposa Laws. Mwana wa mchemwali wanga anatentha thupi usiku wina mpaka maso kutembenuka, tinamukulunga mu chitenje pa njinga yamoto ya kabaza, nesi anabaya kachala, mphindi 15 timizere tiwiri taoneka, jakisoni wa artesunate pompo, kenako LA, tsiku lachitatu akulirira phala. Dziko lathu linali m'gulu la mayiko atatu oyamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, pamodzi ndi Ghana ndi Kenya. Koma funso lakale lija silinathe, langosintha nkhope. Mwana akapezeka ndi khansa kapena vuto la mtima, mayi akagwidwa ndi matenda a maganizo atabereka ali kutali ndi abale ake, bambo akatopa mpaka kulephera kudzuka, banja limayenera kusankha: tipitirize kapena tibwerere? Ndipo ambiri amadziimba mlandu, amaona ngati kubwerera ndi kuchepa chikhulupiriro, makamaka poti ndalama zawo zimachokera ku zopereka za anthu omwe amayembekezera malipoti a zipatso. Ine apa ndilibe chikaiko, kutenga mwana wodwala kupita naye komwe angachire si kuthawa Mulungu. Mpingo womwe umapangitsa bambo kuchita manyazi pa chifukwa chimenechi walakwa.

Ndege ija nayo ili ndi kulemera kwake. Mu 2014 Ebola itavuta ku Liberia, amishonale awiri a ku America, dokotala Kent Brantly wa bungwe la Samaritan's Purse ndi Nancy Writebol wa bungwe la SIM, anatenga matendawa pachipatala cha ELWA ku Monrovia. Mkazi wa Brantly ndi ana awiri anali atanyamuka kupita ku Texas masiku ochepa iye asanayambe kudwala, ndiye amamva zonse pa foni. Mnyamata wa zaka 14 yemwe Brantly anamuthandiza kuchira anapereka magazi ake. Awiriwa analandira mankhwala oyeserera a ZMapp, ndege yapadera inawatengera ku chipatala cha Emory ku Atlanta kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo anachira. Masiku omwewo dokotala Sheik Umar Khan, yemwe amatsogolera nkhondo yolimbana ndi Ebola ku Sierra Leone, anamwalira kwawo osalandira mankhwala amenewo. Ndimakondwa kuti Brantly ali moyo, ana ake ali ndi bambo. Koma mmishonale aliyense woona mtima amadziwa kuti iye ali ndi khomo lotulukira lomwe nesi wogwira naye ntchito alibe, ndipo chimenechi chimawapweteka ambiri a iwo, ena amakana n'kukwera ndege komwe.

Tsono nkhaniyi si ya azungu okha. Ifenso takhala tikutumiza. David Kaunda anachoka ku Livingstonia kupita kwa Abemba ku Chinsali, anatumikira kumeneko ndi mkazi wake Helen, ndipo pomwe amamwalira mu 1932 mwana wawo Kenneth, yemwe anadzakhala pulezidenti woyamba wa Zambia, anali ndi zaka 8, mayi anatsala ndi ana kudziko la eni. Sinodi ya CCAP ya Harare inayamba ndi anthu akuno omwe anapita kukagwira ntchito, abusa n'kuwatsatira. Lero mipingo yathu, ya CCAP, ya Pentekosite ndi ina, ili ndi abusa ku Mozambique, ku South Africa, ku Britain, ndipo ndimafunsa, tikamawaika manja kutsogolo kuja tikuimba, alipo amene wafunsa kuti mayi busa akadwala adzalipira ndani? Mapepala awo akuwalola kupita kuchipatala kumeneko? Zikavuta, ndalama yobweretsera thupi ili kuti, kapena tidzayamba kusonkherana pa WhatsApp maliro ali mu mochale? Ndaonapo mbusa wina yemwe mkazi wake anadwala ali kunja, mpingo wotumiza unati alipire olandira, olandira anati si udindo wawo, mapeto ake anagulitsa puloti yawo kumudzi.

Ndipo chitetezo cha malungo chija chimatha munthu ukakhala zaka kudera lopanda udzudzu woyambitsa malungo. Abusa athu ndi abale omwe muli ku Leeds, ku Dublin kapena ku Cape Town, mukamabwera holide ya Disembala nthawi ya mvula, thupi lanu silofanana ndi lomwe munachoka nalo, ndipo ana anu obadwira kumeneko ali chimodzimodzi ndi ana a Laws, sanalumidwepo. Pitani kwa dokotala musananyamuke akupatseni mankhwala oteteza, gulani neti musadalire kuti mukaipeza kwa agogo, ndipo mwana akatentha thupi mutabwerera, olo patapita masabata angapo, muuzeni dokotala wa kumeneko poyambirira penipeni kuti munali ku Malawi, chifukwa iye akhoza kungoganiza za chimfine.